Kufutsa kapena kusunga mufiriji?

Kuno ku Thyolo ndiwo zamasamba zimachuluka mu February ndi March, moti pamsika wa Bvumbwe mulu wa nkhwani umatsika mtengo. Pofika October, masamba omwewo timachita kuwasakasaka.

Firiji ubwino wake ulipo. Mukaviika masamba m'madzi owira mphindi 2 kapena 3, kuwaziziritsa n'kuwamanga m'timajumbo, pa -18°C amatha miyezi ingapo akadali obiriwira. Koma zonsezi zimadalira magetsi. Chaka chatha kwathu adathima masiku atatu. Nditatsegula ndidapeza chitambe chitasungunuka, madzi a nyama ya mbuzi atadontheramo. Ndidataya zonse, mtima ukuwawa.

Mfutso sufuna mayunitsi. Mayi anga amawiritsa khwanya pang'ono ndi kamchere, n'kumuyanika pamphasa mpaka azifumbutuka ukamufinya m'manja. Akatero amamukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku n'kupachika kukhitchini, pamene utsi umafika. Chikwatu chimenecho chimatidyetsa mpaka mvula yoyamba. Zoona, kubiriwira kumapita, ndipo vitamini C wambiri amatayika ndi moto komanso dzuwa, koma mfutso wotendera nsinjiro ine nsima yake ndimawonjezera.

Mdani wake ndi chinyontho, ndipo kuno n'kwawo. Chiperoni chikayamba mu June, dzuwa osaoneka masiku angapo, masamba osauma bwino amachita chuku. N'chifukwa chake ine ndimafutsa mu April ndi May, dzuwa likadali ndi mphamvu. Mufiriji ndimangosungamo nandolo wamuwisi ndi nyama yoti tidye sabata yomweyo.