Poncho wotaya, wowola kapena renikoti yobwereka, chabwino nchiti pa mathithi?

Potsika boti la Maid of the Mist, lomwe limatengera alendo kufupi ndi mathithi a Niagara m'malire a America ndi Canada, anthu amakhala chigulu, aliyense akuvula poncho, kapulasitiki kodzitetezera ku madzi, ka buluu, madzi ali chuchuchu, mbali ya ku Canada kumakhala kofiira, ndiye kanthu kongovala mphindi 20 ntchito yake yatha. Zimandipweteka ndithu.

Tiyambe ndi mabini osonkhetsera ma poncho otayidwa. Ma poncho ambiri ndi a polyethylene, mtundu womwewo wa majumbo, wa nambala 4 pa manambala osiyanitsira mapulasitiki, ndipo amatheka kusungunula nkupanga timibulu tomwe amapangira matumba a zinyalala kapena matabwa apulasitiki. Koma pepala lopyapyala chonchi likalowa mu bini ya mabotolo limakakulungana mu makina osankhula zinyalala mpaka ogwira ntchito kuzimitsa makina nkumadula ndi mpeni. Ndiye zimayenda pokhapokha bini yake ili payokha, pakhomo potulukira penipeni pomwe munthu akuvula, komanso pali wina woyang'anira, apo ayi mupezamo makapu a khofi, matewera, ma tishu onyowa, katundu yense wawonongeka ogula sangamufune. Mukasakanikiranso ka PVC, pulasitiki ya mtundu wina ya nambala 3, ndiye basi. Ndipo ambiri sitiponyamo, timapinda kuti chikhale chikumbutso, kukafika ku hotelo kayamba kununkha chinyontho, mu bini wamba.

Owola okha aja, opangidwa kuchokera ku sitachi ya mbewu, dzina lokoma koma ine sindiwakhulupirira kwenikweni. Ambiri amafuna malo apadera opangira kompositi otentha pafupifupi madigiri 58 kuti awole, akagwera mu mtsinje sawola msanga, akalowa mu bini ya polyethylene amaipitsa zonse.

Pomwe ku Victoria Falls, makamaka mu Epulo madzi akadzaza mu Zambezi, pakhomo pamakhala anthu obwereketsa marenikoti okhuthala. Uvala, unyowa kunja kokha, ubweza, ayanika, wina avalanso. Renikoti imodzi kudutsa pa mapewa a anthu ambirimbiri, komanso wobwereketsayo wapezapo ya tsiku limenelo. Zovuta zilipo, sindibisa, nthawi zina umalandira yonyowa mkati kapena yomveka thukuta la mnzako, yolemera, batani lothothoka, ndipo pamalo pomwe boti limodzi limanyamula anthu mazana nkubwerera pompopompo kudzatenga ena, kuchapa ndi kuyanika zonsezo si masewera, pamafunika malo, madzi ndi anthu olembedwa ntchito. Mpake ku Niagara anasiya makoti olemera omwe ankavalitsa alendo kalelo.

Komabe mutandifunsa, yobwereka ndiye yapambana kutali, ndipo kuposa apo nkunyamula renikoti yako mchikwama, imapindika pang'ono chabe. Bini yosonkhetsera ibwere pachiwiri kumalo kodzadza ngati ku Niagara. Akakupatsani poncho waulere musamung'ambe povula, kutumulani madziwo, chotsani zamthumba, muponye mu bini yakeyo musanadutse geti.