Hibernate 6 pa kaundula wa katundu ku Limbe

Kwa miyezi inayi tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito Hibernate 6 pomanga pulogalamu yosungira kaundula wa katundu m'sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo ndikuona kuti ndi chida chodalirika, ngakhale kuti masiku oyamba amafuna kuleza mtima. Ntchito yake ndi kulumikiza makalasi (zigawo za pulogalamu) olembedwa m'chilankhulo cha Java ndi matebulo a m'database, kotero kuti munthu salemba pamanja SQL yambiri, chilankhulo cholamulira database.

Vuto loyamba ndinalichititsa ndekha, chifukwa ndinakopera makalasi akale okhala ndi dzina la phukusi lakale, javax.persistence, pomwe Hibernate 6, imene inatuluka mu 2022, imafuna jakarta.persistence, ndiye sinazindikire kalasi ngakhale imodzi. Vuto lachiwiri linandidyera masana onse a Loweruka. Kalasi ya ogwira ntchito ndinaitcha User, osakumbukira kuti PostgreSQL, database imene ndikugwiritsa ntchito, inadzisungira liwu limeneli, motero tebulo linkakanika kupangidwa. Nditayatsa hibernate.show_sql, imene imaonetsa malamulo a SQL otumizidwa ku database, ndinaona lamulo lenilenilo pa sikirini, ndipo ndinasintha dzina la tebulo kukhala antchito kudzera mu @Table, chizindikiro chotchulira dzina la tebulo pa kalasi.

Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi hibernate.hbm2ddl.auto ikaikidwa pa validate, popeza pulogalamu imakana kuyamba ngati danga lina likusowa m'tebulo, m'malo moti cholakwikacho chidzaonekere kasitomala ataima kale pa kauntala kudikira risiti ya matumba a simenti. Mauthenga ake a zolakwika ndi aatali ndithu, koma gwero la vuto nthawi zambiri limakhala pa mzere womaliza woyamba ndi "Caused by", choncho masiku ano ndimawawerenga kuchokera pansi.