Chikwangwani, kuchotsera fizi kapena kupita kwa wolipira: yunivesite yakunja ikope bwanji ophunzira mu Lusaka?

Yunivesite yakunja ikafuna kutsegula nthambi mu Lusaka, mabwana akulikulu lake amakonda kuyambira pa dzina. Amafuna chikwangwani chachikulu pa Great East Road, cha ku Manda Hill kapena East Park, chokhala ndi chithunzi cha nyumba zakwawo ndi mawu akuti digiri ndi yomweyomweyo. Phindu lilipo ndithu, chifukwa tauni yonse imadziwa kuti mwafika. Koma pamsewu womwewo pali yunivesite ya boma ya UNZA (University of Zambia), yomwe yakhalapo kuyambira 1966, ndipo makolo ambiri omwe angakwanitse fizi yanu anaphunzira komweko. Dzina lomveka ku London kapena ku Melbourne silinjenjemeretsa amalume a ku Chelstone. Yunivesite ya Monash ya ku Australia inatsegula sukulu pafupi ndi Johannesburg mu 2001, koma pofika 2019 sukuluyo inali m'manja mwa kampani ya ku South Africa komweko. Kutchuka kwa dzina sikunaletse zimenezo.

Njira yachiwiri ndi ya mtengo: kulengeza pa Facebook kuti fizi yatsitsidwa, kutolera manambala a foni, kenako kuimbira ndi kutsatira pa WhatsApp. Ndi yotsika mtengo kuposa chikwangwani, ndipo mumatha kuwerenga kuti kwacha iliyonse yabweretsa anthu angati. Vuto ndi lakuti amene amadina pa foni nthawi zambiri ndi mwana amene wangomaliza Giredi 12, pamene ndalama zili m'thumba la munthu wina. Manambala amachuluka, olembetsa nkukhala ochepa. Komanso kuchotsera kopatsidwa kwa aliyense chaka chonse anthu amasiya kukukhulupirira, amangoti ndiwo mtengo wake weniweni.

Pa njira imeneyi pali msampha wina umene akulikulu saumva msanga. Mu 2017 dola imodzi inali pafupifupi K10, kumapeto kwa 2024 inali itapitirira K27. Kholo limene linadutsa m'zaka zimenezo likamva kuti fizi ndi ya madola, limayamba kuwerengera chaka chachitatu mwana asanalowe nkomwe m'kalasi. Kuchotsera theka sikulitonthoza. Chimene chimagwira mtima ndi mtengo wa makwacha, wosasintha kwa chaka chonse, wolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena MTN MoMo. University of Lusaka, Cavendish ndi ena omwe si aboma ali kale pamsika, ndipo kholo lidzayika mapepala anu ndi awo pa tebulo limodzi.

Ine ndimaima ndi njira yachitatu, ngakhale ndi yochedwa komanso yotopetsa: kupita kwa wolipirayo. Pa digiri yoyamba, ndiye kuti kuyenda m'masekondale, kukhala pansi ndi aphunzitsi olangiza ana za ntchito, kupempha mphindi zochepa pa msonkhano wa makolo, ndi kumanga tenti ku Showgrounds nthawi ya chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda kumayambiriro kwa Ogasiti. Wailesi musainyoze. Pulogalamu ya m'Chinyanja pa ZNBC Radio 1, kapena pa Breeze FM ku Chipata, yomwe anthu amaimba foni nkufunsa, imafika kwa agogo ndi azakhali amene amasonkha nawo fizi. Pa masitazi, wolipira kawirikawiri ndi bwana wa kuntchito, choncho khomo logogoda ndi la mabanki, makampani a mafoni ndi migodi, mutanyamula ndondomeko ya makalasi amadzulo ndi a Loweruka.

Yunivesite ya Carnegie Mellon ya ku America itapita ku Kigali mu 2011 inalowera khomo lotere. Inagwirizana ndi boma la Rwanda, inangosankha masitazi a zamakompyuta ndi uinjiniya, ndipo pambuyo pake Mastercard Foundation inathirapo ndalama zambiri. Wolipira anapezeka kaye, ophunzira anabwera pambuyo.

Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti mafunso ovuta amayankhidwa pamaso. Kholo la mu Lusaka limafunsa ngati sukulu inalembetsedwa ku Higher Education Authority (HEA), bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndiponso ngati ZAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, idzavomereza digiriyo. Amafunsanso za mabungwe oyang'anira ntchito: wofuna uinjiniya amafunsa za EIZ, wa zaumoyo za HPCZ, wa akawunti za ZICA. Ena amafunsanso kuti satifiketi idzalembedwa dzina la kulikulu kapena la nthambi, komanso ngati aphunzitsi ndi okhazikika kapena ongobwera milungu iwiri nkubwerera. Zoterezi chikwangwani sichingayankhe, ndipo mnyamata woimba foni akuwerenga papepala amangozungulira. Pamafunika munthu wakuno, wolankhula Chinyanja ndi Chibemba, wokhala ndi makalata a HEA m'chikwama.

Ndikanakhala wogawa ndalama zotsatsira, gawo lalikulu likanapita kwa anthu oyenda m'masukulu ndi m'makampani. Facebook ndi WhatsApp zikanagwira ntchito yotsatira amene takumana nawo kale. Chikwangwani ndikanalipira chimodzi chokha, cha mu Januwale pamene zotsatira za Giredi 12 zimatuluka, ndipo pakanalembedwa fizi ya makwacha ndi tsiku limene makolo angabwere kudzaona makalasi.