Miyezi inayi ndi Raspberry Pi 5 m'malo mwa kompyuta ya x86

Ndinagula kompyuta yaing'ono yotchedwa Raspberry Pi 5, ya 8GB, kuti ilowe m'malo mwa kompyuta yakale ya pulosesa ya x86 imene inkagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse pa Debian, dongosolo la Linux loyendetsera kompyuta. Popeza Raspberry Pi OS, dongosolo la kachipangizoka, nayonso ndi yochokera ku Debian, ndinkaganiza kuti ndingokopera zonse za pa disiki yakale n'kupitiriza pamene ndinalekezera. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo kulakwa kunali kwanga. Pulosesa ya m'kachipangizo aka, BCM2712, ili ndi mitima inayi ya Cortex-A76 yothamanga pa 2.4GHz, ndipo imamva malangizo a Arm okhaokha, choncho pulogalamu iliyonse yokonzedwera amd64 (mapulosesa a x86) imafunika kuikidwanso kuchokera ku mtundu wake wa arm64 (wa mapulosesa a Arm).

Kuika dongosolo latsopano sikunanditengere nthawi, chifukwa pulogalamu ya Raspberry Pi Imager imalemba zonse pa khadi ya microSD ndipo imafunsiratu dzina la wogwiritsa ntchito ndi Wi-Fi. Makalata, zithunzi ndi nyimbo zinasamuka popanda vuto, pakuti fayilo ilibe nazo kanthu za pulosesa. Mapulogalamu ambiri ndinawapeza pa apt, chida choikira mapulogalamu pa Debian, ndi mayina omwewo, ndipo pulogalamu ya maofesi ya LibreOffice inatsegula makalata akale monga mwa masiku onse.

Chimene chinandisautsa ndi pulinta yathu, imene imachitanso sikani. Kampani imene inaipanga imapereka dalaivala (pulogalamu yoyendetsera pulintayo) ya Linux ya amd64 yokha, ndipo nditayesa kuiika, dpkg, imene imaika maphukusi a mapulogalamu, inakana nthawi yomweyo kuti phukusilo silikugwirizana ndi makina awa. Ndinakhala usiku wonse pepala lili m'makina, kanyale kobiriwira kakuthwanima, koma osatuluka kanthu. Kusindikiza kunatheka mawa lake nditalumikiza pulintayo kudzera pa netiweki, popeza CUPS, pulogalamu yosindikizira ya pa Linux, imatha kulankhula ndi mapulinta atsopano popanda dalaivala, koma sikani ndi yosathekabe mpaka lero. Ndinayesanso Box64, imene imamasulira malangizo a x86 kuti amveke pa Arm. Inandithandiza pa pulogalamu imodzi yaing'ono, ngakhale kuti kuchedwa kwake kunkaonekeratu.

Pa ntchito za tsiku ndi tsiku ndine wokhutira ndithu. Ndinagulira limodzi choziziritsira chotchedwa Active Cooler ndi chaja yake ya 27W, ndipo phokoso la kompyuta yakale limene tinalizolowera m'chipinda linatheratu, moti nthawi zina ndimaiwala kuti makina ali oyaka. Nditasiya khadi n'kuika disiki yothamanga ya mtundu wa NVMe kudzera pa polowera PCIe, kuyatsa ndi kutsegula mapulogalamu kunafulumira kwambiri.

Raspberry Pi 5 ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Amene akufuna kusamuka ayambe walemba mapulogalamu onse amene sangakhale popanda iwo, makamaka amene sanachokere pa apt, n'kuona ngati aliyense ali ndi mtundu wa arm64. Kompyuta yakale sindinaitaye. Ili pansi pa tebulo, ndipo ndimaiyatsa pokhapokha pakafunika sikani.