Chijapani cha anime ndi Chijapani cha ntchito

M'kalasi ya Chijapani kuyunivesite simulephera kupezeka anthu awiri awa. Woyamba anakopeka ndi anime ndi manga, makatuni ndi mabuku a nthano za zithunzi a ku Japan. Khutu lake ndi lakuthwa: aphunzitsi asanamalize chiganizo iye wamva kale, ndipo zilembo 46 za hiragana, zimene ophunzira amayambira, sizimuchedwetsa. Vuto lake, amalankhula ngati anyamata a m'makatuni. Amatha kuwatchula aphunzitsi kuti "omae", zomwe zili ngati kuwaitana agogo kuti "iwe".

Mnzakeyo maso ali pa sikolashipu ya MEXT, imene boma la Japan limapereka kudzera ku maofesi a akazembe ake, kapena pa ntchito kukampani ngati Toyota. Amayenda pang'onopang'ono, koma ali ndi tsiku lomuthamangitsa: mayeso a JLPT oyesa luso la Chijapani, ochokera pa N5, gawo lophweka, kukafika pa N1, lovuta kwambiri. Mawu aulemu a keigo amawasamala kwambiri.

Onse amakapunthwa pa kanji, zilembo zochokera ku Chitchaina, zimene pa mndandanda wa boma la Japan zilipo 2,136. Apa ine ndalama yanga ndingaike pa wa anime. Winayo sikolashipu ikamuphonya, buku limapita pansi pa bedi, pomwe uyu madzulo ali ndi gawo lina loti aonere.