Tayimutebulo ya sekondale: pensulo kapena AI?

Teremu ikamayandikira pa sekondale yoyendera, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu amakhalira pepala lalikulu, pensulo ndi labala mpaka dzuwa kulowa. Makalasi ndi fomu 1 mpaka fomu 4, koma mphunzitsi wa sayansi ndi mmodzi, ndipo yemweyo ndiye wa masamu. Ukamuika apa, wasowa uko. Ntchitoyi imadya masiku.

ChatGPT ndi pulogalamu ya AI (nzeru zochita kupanga za pa kompyuta) yomwe imayankha zimene waifunsa. Ukaipatsa maphunziro, aphunzitsi ndi mapiriyodi, imakulembera tayimutebulo tiyi asanazizire. Pa liwiro AI yapambana, sindikana. Komabe imafuna intaneti ndi foni yachaji, ndipo nthawi zina imaika mphunzitsi mmodzi m'makalasi awiri pa ola limodzi. Uyenera kuiunika mzere ndi mzere.

Wogwira pensulo amadziwa anthu ake. Amadziwa kuti mayi ophunzitsa Chichewa amapalasa njinga kuchokera kutsidya kwa mtsinje, ndiye m'dzinja piriyodi yoyamba siingawayenere. Amadziwanso kuti masamu amalowa bwino m'mawa, njala isanawagwire ana.

Ine ndingayambe ndi AI, kenako n'kukonza ndi pensulo. Koma mayina ndi malikisi a ana sindingawalowetse m'menemo makolo asakudziwa.