Ndinalipira K400 kuti andipezere attachment ku banki, ndinapindula ndi mdala wa Loweruka yekha

Ndili chaka choyamba pa UNZA, ndikuphunzira za chuma. Kuyambira ndili ku sekondale ku Katete ndinkasirira anthu aja amakhala kutsogolo kwa makompyuta atatu ku banki, foni kukhutu, kugula ndi kugulitsa madola. Ndiye nditaona kapepala komata pamtengo pafupi ndi Goma Lakes, kolonjeza kukonza CV ndi kulumikiza ophunzira ofuna attachment (kukaphunzira ntchito kwa kanthawi) ndi mabanki ndi ma stockbroker (ogulira ndi kugulitsira anthu masheya), sindinaganize kawiri. Dzina la kaofesiko sinditchula. Kali pamwamba m'nyumba ina yakale kuseri kwa Cairo Road, ukatsika basi pa Kulima Tower umangoyenda pang'ono.

K400 ija inali ya zinthu zitatu: CV ndi kalata, kutumiza mapepala kumakampani, ndi kuyeserera intaviyu kamodzi. Ndinaidula pa ndalama ya ndiwo, amayi sakudziwa mpaka lero.

CV anailemba achemwali a padesiki, mphindi 20 zokha, ndipo inaoneka bwino, sindinganame. Koma nditawauza kuti ndinaseweretsako app ya forex ndi ndalama zongoyerekeza, iwo analemba kuti ndili ndi luso pa malonda a ndalama zakunja. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba.

Za kutumiza mapepala ndiye zinandiwawa. Milungu 6 ndikufunsa pa WhatsApp, yankho limodzimodzi: "Tikudikira, musadandaule." Nditaumirira kuti andionetse kumene anatumiza, ndinapeza kuti ndi ma imelo aja olembedwa pansi pa webusaiti ya kampani iliyonse, oti ngakhale ine ndikanawapeza ndi bandulo ya K10. Munthu wowadziwa m'kati analibe ndi mmodzi yemwe.

Koma kuli bambo ena achikulire amene amabwera Loweruka lokha kudzachititsa intaviyu yoyeserera. Anagwirapo ntchito ku treasury (mbali yochita malonda a ndalama) ya banki ina mpaka kupuma. Anavala magalasi, nkuwerenga CV yanga mwakachetechete, kenako anatenga bolopeni yofiira nkukhwatcha mzere wa forex uja.

"Mwana wanga, ukapita ndi izi kwa dealer weniweni, uja amagula ndi kugulitsa madola ku banki, akakuseka. Tandiuza, ma Treasury bill, mapepala aja a ngongole za boma za kanthawi kochepa, amakhala a masiku angati?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

"91, 182, 273 ndi 364. Amagulitsa ndi Bank of Zambia, pomwepa pa Cairo Road, milungu iwiri iliyonse, ndipo zotsatira zake amaziika poyera. Unaziwerengapo?"

"Ayi, bambo."

Anandiuza nditchule makampani asanu a pa msika wa masheya wa Lusaka Securities Exchange (LuSE). Ndinatchula Zambeef ndi Zanaco, mutu nkuima. Iwo anawonjezera Zambia Sugar, Copperbelt Energy Corporation ndi Airtel, akuwerenga ndi zala ngati akuphunzitsa mwana wa giredi 1. Manyazi anandigwira, koma ola limenelo ndi limene linanditsegula maso. Anafotokoza kuti LuSE inayamba malonda mu 1994 ndipo ndi msika waung'ono, masheya ena amatha masiku osagulidwa, choncho ma stockbroker sasowa anthu ambiri. Ntchito zambiri za malondawa kuno zili ku treasury za mabanki, kumene amagula ndi kugulitsa madola ndi mapepala a ngongole za boma. Ndipo wofuna kumvetsa chifukwa chake kwacha imagwa kapena kudzuka ayambe ndi mkuwa, poti madola ambiri olowa m'dziko muno amachokera kumigodi, kenako awerenge zimene zinachitika boma litalephera kulipira pa ngongole yakunja ya m'madola yotchedwa Eurobond mu Novembala 2020.

Chimene chinandiwawa koma chinali choona nchakuti palibe banki ingakhazike mwana wa chaka choyamba pampando wa dealer. Kulakwitsa ziro mmodzi pamenepo ndi ndalama zoti mudzi wonse sungabweze. Anati ndizipempha ku back office, kumene amatsimikizira malonda amene achitika ndi kuyerekeza manambala kuti agwirizane, ngakhale kungosanja mafaelo. Ndiphunzire Excel mpaka zala zizolowere. Za ACI Dealing Certificate, satifiketi ya ntchitoyi imene ma dealer ambiri amakhala nayo, anati ndiziganizire m'tsogolo, osati pano. Anandichenjezanso kuti aliyense wondilonjeza ntchito ya masheya ndiyambe ndaona ngati ali ndi laisensi ya Securities and Exchange Commission, bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya, chifukwa mu Lusaka anyamata a masuti owala ophunzitsa forex m'mahotela achuluka ngati bowa wa dzinja.

Ndinatsatira zimenezo. Ndinagula kope, ndipo zotsatira za ma Treasury bill zikatuluka ndimalemba chiwongoladzanja chake, m'mawa uliwonse ndikulembanso mtengo wa dola. Kalata ndinalembanso ndekha, yaifupi, yonena zoona kuti ndili chaka choyamba ndipo ndikupempha milungu ingapo ya holide. Ndinayenda nayo wapansi maofesi 5. Anayi anangoilandira pa geti. Pa ofesi yachisanu mayi wina anatsegula kope langa lija, nkuliwerenga masamba angapo ataimirira, nkunena kuti ndidzabwerenso tikatsekera, mwina kudzapezeka kampando kumbuyo. Si lonjezo, koma ndi munthu woyamba amene anandiyang'ana kumaso.

Ndiye ngati mukufuna kupita ku kaofesi kaja, musalipire zonse. CV anzanu a chaka chachinayi akhoza kukuthandizani ulere, ndipo ma imelo mutumize nokha. Funsani za intaviyu ya Loweruka payokha. Ndinadzamva mochedwa kuti imeneyo amalola kulipira K100 basi, koma sanena ukapanda kufunsa. Mufike m'mawa, chifukwa mdalayo ikakwana 12 koloko amanyamula chikwama chake, ndipo mutenge pepala lolembapo, salola kujambula mawu pafoni.

K300 yotsalayo ndinakaifunsa kawiri. Achemwali aja anati abwana ali ku Ndola.